Ulendo wa ku Olimpiki umayambira pakhomo

Dzuwa likapendeka ku Zengeza 2, m'tauni ya Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, misewu ya pakati pa nyumba imasanduka mabwalo a masewero. Anyamata amalimbirana mpira wa mapepala, atsikana amaponyerana mpira wa manja, pamene ena amayesana liwiro kuchokera pa mtengo wa magetsi wina kukafika pa unzake. Ena mwa ana amenewa ndi adzukulu a anthu amene adachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, ndipo m'makomo ena agogo amayankhulabe Chichewa mpaka lero.

M'tauni yomweyi muli Chitungwiza Aquatic Complex, malo osambirira amene adamangidwa pokonzekera masewero a All-Africa Games omwe dziko la Zimbabwe lidachititsa mu September 1995. Dziwe lake lalikulu ndi lotalika mamita 50, muyeso umene umagwiritsidwa ntchito ku Olimpiki. M'zaka zotsatira dziwelo lidaleka kugwira ntchito, ndipo malowo adayamba kutchuka ndi misonkhano komanso zoimbaimba za akatswiri monga Alick Macheso. Ana ambiri a ku Zengeza akula akudutsa pa chipata cha malowa osalowamo m'madzi ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsono funso ndi lakuti: mwana waluso wa ku Zengeza, ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Ulongwe angadutse njira yotani kuti akafike ku masewero akuluakulu a dziko lonse? Anthu ambiri amaganiza kuti boma limangosankha amene lawakonda n'kuwakweza ndege. Si choncho ayi. Malo amachita kudzigulira potsata malamulo okhwima, ndipo mbali ina ya malamulowo imakhudza zinthu zimene makolo, aphunzitsi ndi alangizi a m'madera angathe kuchitapo kanthu.

Dziko liyambe lakhala membala

Ku Olimpiki sikupita boma, kumapita komiti ya Olimpiki ya dziko, imene iyenera kukhala yovomerezeka ndi bungwe lalikulu la International Olympic Committee. Makomiti oterewa alipo 206. Dziko la Malawi lidapikisana nawo koyamba mu 1972 ku Munich. Timu ya Northern Rhodesia idalowa masewero a ku Tokyo mu 1964 ndi dzina limenelo, koma pa tsiku lotsekera, pa 24 October, idatuluka ndi mbendera ya Zambia chifukwa ufulu udabwera tsiku lomwelo.

Masewero ena ali ndi umembala wawo. A Commonwealth ndi a maiko okhawo amene ali m'bungwe la Commonwealth. Dziko la Zimbabwe lidatuluka m'bungwelo mu December 2003, ndipo zimenezi zidatsekera kunja achinyamata ake. Timu ya mpira wa manja ya Zimbabwe Gems idatha pa nambala 8 m'chikho cha dziko lonse ku Liverpool mu 2019, komabe sidakatha kupita ku Birmingham mu 2022. Anzawo a Malawi Queens adapita, monga adachitiranso mu 2018 ku Gold Coast, komwe adagonjetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53. Poti mpira wa manja kulibe ku Olimpiki, apa tikuona kuti chiganizo chimodzi cha ndale chingathe kumana mbadwo wonse bwalo lake lalikulu.

Njira zodzigulira malo

Ku Paris mu 2024 kudali malo a ochita masewero pafupifupi 10,500, ogawidwa mofanana pakati pa amuna ndi akazi. Bungwe loyendetsa mtundu uliwonse wa masewero ndilo limakonza ndondomeko yogawira malo ake.

Njira yoyamba ndi kufika pa muyeso woikika. Kwa othamanga, mwamuna amayenera kumaliza mamita 100 m'masekondi 10.00, mkazi m'masekondi 11.07. Pa mpikisano wa marathon, umene ndi wa makilomita 42.195, mwamuna amayenera kumaliza m'maola 2, mphindi 8 ndi masekondi 10. Isaac Mpofu wa ku Zimbabwe adapyola muyesowu ku Valencia mu December 2022 atathamanga m'maola 2, mphindi 6 ndi masekondi 48. Ngakhale dziko litakhala ndi akatswiri khumi ofika pa muyeso, limaloledwa kutumiza atatu okha pa mpikisano umodzi wa othamanga, ndi awiri okha pa mpikisano umodzi wa osambira.

Chofunika kudziwa ndi chakuti nthawi siiwerengedwa paliponse. Mwana angathamange liwiro la mtondo wadooka pa bwalo la sukulu, koma nthawi yoyezedwa ndi wotchi ya m'manja pa mitunda ifupiifupi siivomerezedwa. Pamafunika makina a magetsi oyezera nthawi, bwalo loyezedwa bwino, chipangizo choyezera mphepo, ndi mpikisano wolembetsedwa ku bungwe la World Athletics. Kwa osambira n'chimodzimodzi: nthawi iyenera kuchokera ku mpikisano wovomerezeka ndi bungwe la World Aquatics. N'chifukwa chake kufa kwa dziwe ngati la ku Chitungwiza ndi nkhani yaikulu. Dziko likasowa malo ovomerezeka, ana ake amayenera kukasaka nthawi zawo kunja, ndipo amapita ndi okhawo amene ali ndi ndalama kapena owathandiza.

Njira yachiwiri ndi mndandanda wa akatswiri a dziko lonse. Wothamanga amapeza mapointi malinga ndi nthawi yake, malo amene wamalizira, ndi kukula kwa mpikisano umene walowa. Pafupifupi theka la malo a othamanga ku Paris lidakonzedwa kuti liperekedwe kudzera m'njira imeneyi. Apanso wopikisana kawirikawiri ndiye amakwera, ndipo ulendo uliwonse umafuna ndalama.

Njira yachitatu ndi mipikisano yochotsana, makamaka ya matimu. Mighty Warriors, timu ya mpira wa miyendo ya amayi ya ku Zimbabwe, idadzigulira malo a ku Rio de Janeiro itachotsa Cameroon pa bwalo la Rufaro mu October 2015. Copper Queens ya ku Zambia idachotsa Cameroon yemweyo mu March 2020 kuti ipite ku Tokyo, kenaka idachotsa Morocco mu April 2024 kuti ipite ku Paris, komwe Africa yonse idali ndi malo awiri okha. Scorchers ya ku Malawi idatenga chikho cha COSAFA mu October 2023 itagonjetsa Zambia 2 kwa 1, koma chikho chimenecho sichipereka malo a ku Olimpiki. Mpikisano uliwonse uli ndi khomo lakelake.

Njira yachinayi ndi ya chiitano, imene idaikidwa kuti dziko lililonse liimiriridwe. Dziko likakhala lopanda wofika pa muyeso, limaloledwa kutumiza ochepa amene aposa anzawo kwawo. Umu ndi mmene Malawi adatumizira anthu atatu ku Paris: wothamanga Asimenye Simwaka ndi osambira awiri, Filipe Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno. Njirayi ndi yofunika, pakuti imapatsa achinyamata mwayi woona mmene anzawo amachitira, koma dziko lofuna mendulo silingadalire chiitano chokha.

Kuti mendulo n'zotheka m'chigawo chino, umboni ulipo. Maria Mutola wa ku Mozambique adatenga ya golide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000. Kirsty Coventry adabweretsera Zimbabwe mendulo 7 za kusambira mu 2004 ndi 2008, ndipo mu 2025 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa International Olympic Committee, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa ku Africa pa udindowo. Muzala Samukonga wa ku Zambia adakhala wachitatu pa mamita 400 ku Paris, pamene Tapiwanashe Makarawu ndi Makanakaishe Charamba a ku Zimbabwe onse awiri adafika mu ndime yotsiriza ya mamita 200. Awiriwa adanoledwa m'masukulu a ukachenjede a ku America, komwe mabwalo ovomerezeka ndi mipikisano zili mbwee.

Pepala limene limatsegula makomo onse

Pali lamulo lina limene limakhudza kwambiri mabanja a ku Zengeza. Malamulo a Olimpiki amati wopikisana ayenera kukhala nzika ya dziko limene akuliimirira, ndipo umboni wake ndi pasipoti. Wofuna kusintha dziko atapikisanapo kale kawirikawiri amadikira zaka zitatu. Pasipoti imachokera pa chitupa, ndipo chitupa chimachokera pa kalata ya kubadwa.

Mu 2001 dziko la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique adapezeka kuti ndi alendo m'dziko limene adabadwira. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2013 adakonza vutoli ponena kuti wobadwira ku Zimbabwe chisanafike chakacho, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Komabe lamulo la pa pepala silimufikira munthu lokha. Agogo akakhala opanda chitupa, mayi amavutika kupeza chawo, ndipo mdzukulu amakula wopanda kalata ya kubadwa.

Mwana wotere amakanidwa kale asanalote n'komwe za Olimpiki. Mipikisano ya masukulu, imene ku Zimbabwe imayendetsedwa ndi mabungwe a NAPH ndi NASH, imagawa ana potengera zaka, ndipo zaka zimatsimikizidwa ndi kalata ya kubadwa. Masewero a achinyamata a Region 5, amene adachitikira ku Bulawayo mu 2014 ndi ku Lilongwe mu December 2022, amafuna pasipoti. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, adatsogolera timu ya Warriors n'kusewera ku Portsmouth ndi ku Manchester City. Luso lotere likadalipo m'mabanja a adzukulu a matchona, koma lopanda mapepala silingadutse ngakhale pa chipata cha Beitbridge.

Gawo lathu ndi liti?

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu ikaphonya mvula yoyamba siibwereranso mwakale. Wothamanga amene adzapikisane ku Los Angeles mu 2028 ali kale m'manja mwa aphunzitsi ake, koma wa ku Brisbane mu 2032 mwina lero ali ku sekondale kapena m'makalasi otsiriza a pulaimale.

Choyamba, alangizi ndi atsogoleri a m'madera alimbikitse makolo kulembetsa mwana akangobadwa. Ku Zimbabwe lamulo limapereka masiku 42, ndipo ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau. Pamene vuto lidayambira kwa agogo, banja lonse lithandizidwe kupita ku ofesi ya kalembera, kuyambira wamkulu kutsika m'munsi.

Chachiwiri, aphunzitsi azilemba ndi kusunga zotsatira za ana, ndipo mwana amene waonetsa luso alembetsedwe ku kalabu yodziwika ndi bungwe la masewerowo m'dziko. Makomiti a Olimpiki amalandira thandizo la Olympic Solidarity lophunzitsira akatswiri ndi makochi, koma limafika kwa okhawo amene maina awo ali m'mabuku.

Chachitatu, atsikana asamanidwe nthawi. Theka la malo a ku Olimpiki ndi lawo, ndipo matimu a mpira wa miyendo amene aimirira Zimbabwe ndi Zambia kumeneko kuyambira mu 2016 ndi a amayi.

Pomaliza, makomiti a chitukuko ateteze mabwalo a masukulu ndi malo osewerera kuti asagawidwe mapuloti, ndipo afunse makhansala awo za bajeti yokonzera malo ngati dziwe la ku Chitungwiza. Muyeso wa masekondi 11.07 sungasinthidwe ndi munthu wa ku Zengeza 2, koma kalata ya kubadwa ya mtsikana amene akuthamanga mumsewu madzulo ano ingapezeke chaka chino, ngati wina atamuperekeza mayi wake ku ofesi ya kalembera.