Kodi Ukali Ndi Wa Kumtundu?

Munthu wopsa mtima msanga, womenya anzace pa kanthu kacabe, ambiri amati analodzedwa. Koma madokotala apeza kuti ukali wotere mbali ina umacokera kwa makolo, monga umacitira msinkhu. Mu 1993 Dokotala Han Brunner wa ku Holland anayesa banja lina la amuna aukali, napeza cilema cimodzi cobadwa naco, cocokera kwa amai ao. Mu 2002 ofufuza anaonetsa pa anyamata a ku New Zealand kuti cibadwa cofanana ndi cimeneci cimaopsa makamaka ngati mwana anazunzidwa ali wamng'ono. Makolo ndi aphunzitsi, taganizani musanatole cikwapu. Mbale wanu akafika poopsa, pitani naye ku cipatala ca Neno. Odwala kwambiri amawatumiza ku Zomba.