Kuthowa ndi Madzi Otentha: Thandizo kwa Ogwira Ntchito M'maofesi Ovutika ndi Khosi ndi Mapewa

M'maofesi a ku Liwonde, paboma la Machinga ndiponso m'tauni ya Balaka, alembi ndi owerengetsera ndalama ambiri amaweruka akudandaula kuti khosi lauma ndipo mapewa akuphwanya, chonsecho tsiku lonse adangokhala pampando. Ululu wotere ukapitirira miyezi itatu, achipatala amauika m'gulu la matenda amgonagona, ndipo gwero lake kawirikawiri limakhala kakhalidwe ka munthu pantchito. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukazolika kwa maola ambiri pa laputopu kapena pa mafayilo, minofu ya kumbuyo kwa khosi imakungika osapuma, makamaka mnofu waukulu wotchedwa trapezius, umene umayambira kunkhongo n'kufalikira m'mapewa ndi pakati pa msana.

Madzi otentha amathandizadi. Kutentha kumakulitsa timitsempha ta magazi ta pakhungu ndi m'minofu, kotero kuti magazi amayenda bwino pamalo okungikawo, mnofu umafewa, ndipo uthenga wa ululu wopita ku ubongo umachepa mphamvu chifukwa mitsempha imakhala ikutumizanso uthenga wa kufunda. Mayiko ngati Japan ali ndi chizolowezi choti munthu azidziviika m'madzi ofunda madzulo, koma mabafa okhalamo oterowo ndi osowa m'nyumba zambiri za ku Machinga ndi Balaka, kumene kusamba ndi kwa ndowa ndi beseni. Zimenezi si zodandaulitsa, pakuti kuthowa, kumene makolo akhala akuchita kuyambira kale, kumapereka kutentha pamalo enieni owawawo. Wothowa amaviika thaulo kapena chitenje m'madzi amene atenthetsedwa pambaula n'kusakanizidwa ndi ozizira, amachifinya kuti chisamadonthe, kenako amachiyala kuyambira kunkhongo mpaka m'mapewa, n'kumachiviikanso chikazirala, kwa mphindi 15 kapena 20. Madziwo azikhala pafupifupi madigiri 40, ndiko kuti chigongono chizitha kukhalamo popanda kuwawa. Minofu ikadali yofunda ndi pamene munthu ayenera kutembenuza khosi pang'onopang'ono uku ndi uku ndi kuzunguza mapewa, chifukwa kutentha kopanda kutakasa thupi phindu lake silichedwa kutha.

M'chigwa cha Shire, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa, kudziviika thupi lonse m'madzi otentha kungachititse chizungulire, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi amene ali ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi. Odwala shuga asamale koposa, popeza khungu lawo nthawi zina silimva bwino kutentha ndipo angapse osazindikira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amathowa usiku, m'mawa n'kubwerera pampando womwewo wopanda choyedzamira chabwino. Kukweza kompyuta kuti ilingane ndi maso, ngakhale poikhazika pamulu wa mabuku, ndi kuimirira pakatha theka la ola lililonse, kumachotsa chimene madzi sangathe kuchotsa, ndipo olemba anthu ntchito ali ndi udindo pa zimenezi.

Pali ululu wina umene suyenera kuthowedwa n'komwe. Khosi likauma mwadzidzidzi limodzi ndi kutentha thupi ndi litsipa, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga. Dzanzi kapena kufooka kwa mkono, ululu wodza pambuyo pa ngozi ya kabaza kapena minibasi, komanso kuwawa kwa msana kophatikizana ndi kuonda ndi thukuta la usiku, komwe nthawi zina kumakhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa, zonsezi n'zofunika dokotala. Woona zizindikiro zotere apite mwamsanga ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka, kumene akaona kuti vutolo ndi lalikulu amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Zomba.