Mpeni Wabwino Ungathe Kusulidwa Pakhomo Pathu Pomwe

Chaka ndi chaka ikafika Idi ya nsembe timaona chinthu chomvetsa chisoni m'midzi mwathu. Mbuzi yagonekedwa kale pansi, anthu azungulira, ndiye pamenepo mpamene mwini wake akukumbukira kuti mpeni ndi wobuntha, nayamba kuukwecha pa mwala chiweto chikuona. Mu Hadisi imene ili m'buku la Imam Muslim, Mtumiki (SAW) adatilamula kunola mpeni ndi kusazunza chinyama chimene tikuzinga. Nkhani ya mpeni tsono imakhudza chifundo, ndiponso imakhudza mayi amene akutumbula kampango pagombe ndi kampeni kopindika kogula pamsika. Lero tafuna tikambirane m'mene munthu angasulire mpeni wake pakhomo.

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao lotchedwa Chiikala cha Wayao lomwe lidasindikizidwa mu 1919, adafotokoza za Achisi, anthu osula amene ankayenda maulendo kusinthanitsa makasu ndi zida zina zachitsulo, ndipo adati maulendo amenewa ndiwo adatsegula njira ya malonda a Ayao. Makolowo ankayamba ndi kusungunula miyala m'ng'anjo. Ife ntchito idatipepukira, pakuti chitsulo chabwino chili mbwee m'zinthu zotayidwa.

Choyamba ndi kudziwa chitsulo. Chimene chimalimbitsa mpeni ndi kaboni amene ali m'kati mwa chitsulocho. Chitsulo cha mgolo kapena cha mafelemu a mawindo chili ndi kaboni wochepa, kotero ngakhale muchiwotche chotani sichilimba, ndipo mpeni wake umabuntha tsiku lomwelo. Sipuling'i yakale ya galimoto kawirikawiri imakhala ndi kaboni wokwana pafupifupi 0.6 pa 100 aliyense, pamene tupa yabwino imafika 1 pa 100 kapena kupitirira. Kwa woyamba kumene, tupa yotha mano ndiyo yosavuta chifukwa ndi yopyapyala kale. Chenjezo ndi lakuti musawotche chitsulo chokutidwa ndi zinki monga malata kapena mapaipi a madzi, popeza utsi wake umadwalitsa.

Tupa ili gwa, choncho iyenera kufewetsedwa kaye. Iwotcheni pa makala mpaka ifiire, kenaka muikwirire m'phulusa lotentha igone momwemo mpaka m'mawa. Ikazirala pang'onopang'ono chomwechi imafewa, ndipo mutha kuidula ndi sowo ya zitsulo ndi kuipala ndi tupa ina. Jambulani maonekedwe a mpeniwo molingana ndi ntchito yake. Wozingira ukhale wautali ndi wowongoka, wosendera chikopa ukhale waufupi wa mimba yokhota, wa nsomba ukhale wowonda. Mabowo a chogwirira aboolenitu tsopano lino, chifukwa chitsulo chikalimba sichibooleka. Kukamwa kwa mpeni musakunoleretu, siyani kochindikala ngati milimita imodzi kuti kusapindike pamoto. Kupala kumatenga masiku, koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tifike pamene ambiri amalephera, pomwe ndi kulimbitsa. Kolezani makala ndi mvukuto, ndipo chitani zimenezi madzulo kuti muone bwino mtundu wa chitsulo. Khalani ndi maginito pafupi, ngakhale ochotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Chitsulo chikatentha kufika madigiri 770 chimaleka kugwira maginito. Mukaona kuti maginito aleka kukoka, bwezerani mpeniwo pamoto kamphindi kochepa kuti kutentha kupitirire pang'ono, kenaka muuviike msangamsanga m'mafuta ophikira ofunditsa, nsonga ili pansi, osaugwedezera m'mbali. Mafutawo akhale m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro pafupi, pakuti nthawi zina amayaka. Ukazirala, yesani kuupala ndi tupa. Tupa ikamaterereka osaluma, dziwani kuti walimba.

Ife tidaphunzira zimenezi ndi misozi. Tsiku lina titaweruka ku madrasa, tidasula mpeni wathu woyamba pamodzi ndi anyamata atatu, ndipo poumira mafuta tidauviika m'madzi ozizira. Tidangomva kuti thee, mng'alu kuchokera kukamwa mpaka kumsana. Ntchito ya milungu iwiri idathera pomwepo. Madzi amaziziritsa chitsulo chotere mofulumira kwambiri, ndiye chimasweka.

Mpeni wongochoka m'mafuta ndi wolimba koma wosachedwa kuthyoka ngati galasi, choncho uyenera kutenthetsedwanso pang'ono. Upukuteni ndi sandipepa mpaka uwale, muuike pa chitsulo china chimene chili pamwamba pa makala, msana uli pansi, ndipo muyang'anitsitse. Mtundu uyamba kusintha. Kukamwa kukaoneka ngati udzu wouma, komwe ndi pafupifupi madigiri 200 kapena kuposerapo pang'ono, uchotseni. Mukachedwa mpaka kukamwa kusanduke kwa buluu, mpeniwo wafewa mopitirira ndipo suchedwa kubuntha.

Pa chikumbu, chomwe ndi chogwirira chija, mpamene mwini mpeni amaonetsera mtima wake. Zidutswa za mlombwa zotsala kwa akalipentala zimachita bwino, ena amakonda nyanga ya ng'ombe. Dulani timatabwa tiwiri, mutimange uku ndi uku ndi timisomali todula tokhomerera mitu yonse iwiri, kenaka museme mpaka chikumbucho chikhale bwino m'dzanja la amene adzachigwiritse ntchito. Dzanja la mayi ndi la bambo ndi losiyana, ndipo ichi mpeni wa m'sitolo suchidziwa. Chikopa cha mbuzi ya nsembe chikafufutidwa chimasokedwa n'kukhala chimake.

Ponola, pendeketsani mpeni pa mwala wonyowa pafupifupi madigiri 20 mbali iliyonse, ndipo mumalizire pa lamba wachikopa. Kumbukirani kuti chitsulo chotere chimachita dzimbiri, makamaka kuno kunyanja. Mukatha ntchito utsukeni, muupukute, muupake kadontho ka mafuta.

Mawu athu otsiriza apite kwa makolo. Mnyamata amene akungokhala pagombe kudikira mabwato angathe kuphunzira ntchito imeneyi ndi kupezapo ya sopo, popeza asodzi, ogulitsa nyama ndi amayi onse amafuna mpeni. Koma aphunzire pamaso pa wamkulu, atchinge maso ake popala ndi posula, ana aang'ono atalikire moto ndi mafuta, ndipo mpeni ukatha usungidwe m'chimake pamalo osafikira mwana. Mpeniwo ndi wa kukhitchini, wa kugombe ndi wa pozinga, si woyenda nawo m'chiuno kumsika. Idi ikubwerayi, Insha Allah, tiyeni mpeni udzanoledwe dzulo lake, mbuzi isanatuluke m'khola.