Netiweki Ikaduka Ntchito Isaime: Zimene Mapiri a Dowa ndi Ntchisi Akufuna kwa Akatswiri

Mlimi wa ku Malomo akafuna kudziwa mtengo wa soya pa Mponela, amangotenga foni n'kulemba uthenga pa WhatsApp. Kwa iye mawuwo angodumpha mapiri angapo n'kufika, koma ulendo wake ndi wautali kuposa pamenepo. Uthengawo umakwera pa nsanja ya netiweki, umalowa m'zingwe za faiba, umatuluka m'dziko muno kudzera ku Tanzania, Zambia kapena Mozambique, umakafika pa makompyuta a kampani ya Meta kunja, kenako n'kubwerera. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake palibe amene amazilabadira mpaka tsiku limene penapake paduka. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka cha kugombe la pakati pa South Africa ndi Mozambique, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi kuno kwathu. Anthu a maboma oyandikana anavutika kutumizirana mauthenga chifukwa cha ngozi ya m'nyanja imene ambiri a iwo sanaionepo n'komwe.

Kafukufuku wa masiku ano pa kalumikizidwe ka makompyuta ndi kamangidwe ka nyumba zosungiramo deta walunjika mbali ziwiri. Mbali imodzi ikufuna kukula: nyumba zazikulu, makina amphamvu, magetsi ankhaninkhani. Mbali inayo ikufuna kuyandikira: makina ang'onoang'ono oikidwa pafupi ndi anthu, opangidwa modziwa kuti magetsi azima ndipo netiweki iduka. Mbali yoyambayo ndi imene imadzaza nyuzipepala, koma ine ndikuona kuti anthu oposa 770,000 a ku Dowa ndi oposa 310,000 a ku Ntchisi, monga anawerengedwa m'kalembera wa 2018, adzapindula ndi yachiwiriyo, ndipo ndi kumeneko kumene boma ndi masukulu athu aukachenjede ayenera kuika nzeru ndi ndalama zochepa zimene tili nazo.

Tiyambe ndi zazikuluzo, chifukwa si zonyoza. M'nyumba yosungiramo deta mumakhala mashelefu achitsulo ofika kumutu, oimikidwa m'mizere, odzaza makompyuta opanda sikirini otchedwa maseva. Mpweya wozizira umalowera kutsogolo kwa mzere, wotentha n'kutulukira kumbuyo. Kuseri kumakhala mabatire ogwira kwa mphindi zingapo magetsi akazima, ndipo panja pamakhala majenereta. Kale shelefu imodzi inkadya makilowati osapitirira 10, koma makina ophunzitsira AI akufikitsa shelefu imodzi pa makilowati oposa 100, moti mpweya sukukwanitsanso kuziziritsa ndipo akatswiri ayamba kuyendetsa madzi m'timapaipi todutsa pamwamba penipeni pa tizipangizo totentha. Google inalengeza mu 2022 kuti m'nyumba zake imalumikiza magulu a maseva ndi timagalasi ting'onoting'ono totembenuza kuwala kwa m'faiba, pofuna kuchepetsa magetsi. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zoterezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi, ndipo kuti pofika 2030 zidzakhala zikudya kuwirikiza kawiri. Nyumba imodzi yaikulu imatha kufuna mamegawati 100. Ife tikudziwa kulemera kwa nambala imeneyi: namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko lonse linakhala mu mdima wa maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Mpikisano wa zimphona umenewu si wathu pakali pano.

Sikuti Malawi wakhala manja lende. Mu 2008 makampani a intaneti anatsegula malo osinthanirana deta ku Blantyre kuti uthenga wochokera ku kampani ina ya kuno kupita ku inzake usamazungulire kunja. ESCOM yayendetsa faiba pa mitengo yake ya magetsi kufika m'maboma. Mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 72.4 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, ndipo mu 2022 boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa ndi Huawei. Zonsezi n'zofunika, ndipo dziko losunga kalembera wa nzika zake m'manja mwa anthu akunja limakhala pa ngozi. Koma nkhokwe zikuluzikulu za ku Kanengo sizinathetse kufunika kwa nkhokwe ya pakhomo. Mlatho ukakokoloka mu Febuluwale, banja limadya zimene lili nazo pafupi. Seva ya ku Blantyre ilibe phindu kwa namwino wa ku Nthondo pa ola limene nsanja ya m'dera lake yazima chifukwa dizilo watha mu jenereta.

Apa ndi pamene kafukufuku wa mbali yachiwiri akulowa. Mu 2003 Kevin Fall anafotokoza kamangidwe ka netiweki yopirira kuchedwa: uthenga ukapeza njira yatsekeka sutayika, umasungidwa pomwe wafikapo mpaka njira itatseguka, ngakhale patapita maola. Mu 2009 Mahadev Satyanarayanan wa ku Carnegie Mellon University ndi anzake analimbikitsa zoika timaseva tating'ono pafupi ndi ogwiritsa ntchito m'malo modalira nyumba zakutali zokha. Mu 2019 Martin Kleppmann ndi anzake analemba za mapulogalamu amene amasunga ntchito ya munthu pa chipangizo chake choyamba, n'kudzayanjanitsa ndi za anzake netiweki ikabwera, popanda wina kufufutirana ndi mnzake. Ndipo umboni wina unachokera pafupi nafe. Ku Macha, kummwera kwa Zambia, akatswiri a ku University of California, Santa Barbara anayeza mmene anthu a m'mudzi ankagwiritsira ntchito intaneti ya pa setilaiti, ndipo anapeza kuti mauthenga ndi zithunzi zambiri zinali pakati pa anthu a m'dera lomwelo. Chithunzi cha ukwati chinkakwera kumwamba, n'kupita kunja, n'kudzatsikanso kangapo pa njira yopapatiza yomweyo kuti achibale oyandikana nyumba achione. Ataika seva ya m'deralo, katundu wotere sankafunikanso kuchoka pamudzi.

Dowa ili ndi umboni wakewake. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, mvula itavuta kumpoto kwa bomali, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja pafupifupi 11,000 mogwirizana ndi Opportunity International Bank of Malawi. Banki inkabwera pa galimoto, ndipo wolandira ankadziwika ndi khadi yake ndi chidindo cha chala chake. Zofunika kudziwa za munthuyo zinkayenda ndi khadi ndi galimotoyo, osati kudikira chilolezo cha kompyuta yakutali pa munthu aliyense. Chimodzimodzinso Baobab Health Trust, imene inayamba ntchito yake pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, inamanga kaundula wa odwala pa seva yokhala pachipatala pomwepo, yodalira mabatire, kuti kulembera odwala kusaime magetsi akazima. Tiyerekeze zimenezi ndi chaka choyamba cha ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP mu 2020, pamene alimi m'maboma ambiri ankalawirira ku depoti, chiphaso chaunzika m'manja, feteleza ali khathikhathi m'nyumbamo, koma wogulitsa akungokweza foni m'mwamba n'kunena kuti netiweki yavuta. Chimene chinasiyanitsa zochitika zimenezi si ndalama kapena nzeru za alimi, koma funso limene omanga anadzifunsa poyamba: kodi njira ikaduka, ntchito ipitirira bwanji?

Mapiri nawo ali ndi mawu pa nkhaniyi. Mafunde a wailesi amene amanyamula deta yambiri amafuna kuonana maso ndi maso, choncho mudzi wa kuseri kwa phiri la Ntchisi kapena m'zigwa zotsikira ku Mvera umakhala mu mthunzi ngakhale nsanja ili pafupi. Mafunde otsika, monga amene wailesi yakanema imasiya osagwiritsa ntchito, amafika patali ndipo amapirira mitengo ndi zitunda. Mu 2013 Dr Chomora Mikeka ndi anzake a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA komanso bungwe la ICTP la ku Trieste, anayesa njira imeneyi ku Zomba n'kulumikiza masukulu ndi malo ena. Mu 2017 UNHCR ndi Microsoft anabweretsa intaneti ndi malo ophunzirira kupanga mapulogalamu ku Dzaleka, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo lero uli ndi anthu oposa 50,000. Kumeneko kuli TakenoLAB, sukulu yophunzitsa kulemba mapulogalamu imene inayambitsidwa ndi othawa kwawo eni ake, ndipo Jesuit Worldwide Learning yakhala ikuphunzitsa maphunziro apamwamba kudzera pa intaneti kuyambira 2010. Manja odziwa ntchitoyi alipo kale m'boma la Dowa. Magetsi a dzuwa nawo si nthano: ku Nanjoka m'boma loyandikana la Salima kuli mamegawati 60, ndipo ku Golomoti kuli mamegawati 20 okhala ndi mabatire. Kaseva ka pachipatala chaching'ono kamadya magetsi osasiyana kwenikweni ndi a mababu angapo akale, ndipo kuzizira kwa m'mapirimu kumachepetsa ntchito yokaziziritsa. Adani ake enieni ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala, mphezi za nthawi ya dzinja, ndi mabatire otha msanga, ndipo amenewa ndi mafunso oyenera kafukufuku wathu.

Wotsutsa woyamba anena kuti chachikulu chimatchipa. Akunena zoona: nyumba imodzi yaikulu imawononga magetsi ochepa pa ntchito iliyonse, imalonderedwa mosavuta, ndipo akatswiri ochepa amaisamala yonse, pamene timaseva 200 tomwazikana timafuna wokonza, wolondera sola kuti isabedwe, ndi galimoto yoyendera misewu ya matope. Tonse tinaonapo makompyuta a mphatso ataunjikidwa pakona ya ofesi chifukwa pulojekiti inatha. Koma kuwerengera kumeneku kumaiwala mtengo wa tsiku la mlimi lothera pa mzere, ndi wa wodwala wobwezedwa. Komanso kafukufuku wachepetsa vutoli. Kuyambira pamene akatswiri a ku Stanford anatulutsa OpenFlow mu 2008, zakhala zotheka kuyendetsa zipangizo zambiri za netiweki kuchokera pamalo amodzi, moti katswiri wa ku Lilongwe angathe kuona kuti batire ya ku Madisi yafooka isanafe, n'kukonza pulogalamu popanda kukwera basi. Ndipo sindikunena kuti zonse zisamukire kumudzi. Kaundula wamkulu akhale ku likulu, pamudzi pakhale zokwanira kuti ntchito ya lero ithe.

Wachiwiri aloza kumwamba: intaneti ya pa setilaiti ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo mbale yake siisamala za phiri. Ndi thandizo lenileni, makamaka ngati njira yapadera faiba ikaduka. Koma walira mvula walira matope. Chipangizocho ndi ntchitoyo zimachokera kunja m'dziko limene ndalama zakunja ndi zosowa, mbaleyo imafunabe magetsi, ndipo mwini wake angasinthe mtengo kapena malamulo osatifunsa. Phunziro la ku Macha likugwiranso pano: mbale imodzi yothandizidwa ndi seva yosunga mabuku a sukulu ndi makanema a ulimi ingatumikire anthu ochuluka kuposa mbale yonyamula kanema yemweyo kambirimbiri.

Wachitatu afunsa za chinsinsi, ndipo ameneyu ndi wofunika kumumvetsera kwambiri. Mbiri ya matenda a munthu ikakhala pa kabokosi ka pachipatala cha m'mudzi, wakuba sangainyamule? Angathe kunyamula bokosilo, koma ngati deta yake inatsekedwa ndi makiyi a masamu, wanyamula chitsulo chabe. Lamulo loteteza deta la 2024 likumanga aliyense wosunga zinsinsi za anthu, kaya ali ku Blantyre kaya ku Kasakula, ndipo nyumba imodzi yaikulu ikathyoledwa zimatayika ndi za anthu onse nthawi imodzi. Kwa amene anena kuti anthu akufuna feteleza ndi mankhwala osati makompyuta, yankho ndi lakuti feteleza, mtukula pakhomo ndi mankhwala zikudutsa kale pa netiweki. Chisankho chimene chatsala ndi chakuti netiwekiyo imangidwe bwino kapena mosasamala.

Zoyenera kuchita sizifuna mabiliyoni. Boma likamagula pulogalamu iliyonse yokagwira ntchito kudepoti, kuchipatala kapena kusukulu, lilembe m'kontrakiti kuti iyenera kugwira ntchito tsiku lathunthu popanda netiweki, ndipo iyesedwe kudera longa Kayembe kapena Chikho isanalipiridwe, osati m'chipinda cha hotela ku Lilongwe. Thumba la MACRA lofikitsa mauthenga kumidzi lilipirenso maphunziro ndi malipiro a achinyamata okonza zipangizo m'maboma, chifukwa nsanja yopanda wokonza ndi ngongole. Masukulu aukachenjede monga MUBAS, MUST, Mzuni ndi University of Malawi, amene alumikizidwa kale kudzera mu netiweki yawo ya MAREN ndipo ali ndi likulu la UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa manetiweki otere, m'dziko momwe muno ku Lilongwe, atumize ophunzira kukayeza kuti netiweki imaduka kangati pa mwezi ku Ntchisi, kwa maola angati, ndipo chimaidula n'chiyani. Manambala amenewo akafalitsidwa, aphungu ndi makhansala a maboma awiriwa adzakhala ndi poyambira pofunsa makampani ndi unduna, ndipo wopanga pulogalamu yotsatira ya feteleza sadzakhalanso ndi chifukwa chonenera kuti sankadziwa mmene zinthu zilili kumapiri.