Lode Runner: Masewera a Munthu Wokumba Golide

Pa masewera onse a pa wailesi ya kanema amene analowa m'nyumba za m'Zambia m'zaka za m'ma 1990, alipo amodzi amene ana ambiri ankawapitirira msanga pa mndandanda, pakuti kamunthu kake sikadziwa kudumpha, sikaponya nkhonya, ndipo cida cake sicilasa munthu koma njerwa. Dzina lake ndi Lode Runner. Ife a ku Kabwe ndi a m'mbali mwa mtsinje wa Mulungushi tili ndi cifukwa cowadziwira bwino, popeza liu lakuti lode m'Cingerezi litanthauza mzere wa mwala wa mtengo wapatali umene uli pansi pa nthaka, ndipo tauni yathu inabadwira pa mzere wotere.

Anawapanga ndi Doug Smith, mnyamata amene anali kuphunzira pa University of Washington mu mzinda wa Seattle ku America. Kampani ya Broderbund inawatulutsa m'caka ca 1983 pa makompyuta a Apple II ndi ena, ali ndi zipinda 150. M'caka ca 1984 kampani ya Hudson Soft ya ku Japan inawaika pa makina a Nintendo ochedwa Famicom, zipinda n'kutsala 50. Awa ndiwo anatifika ife, ngakhale kuti makina athu ambiri anali otengera cabe, opangidwa ku Taiwan ndi ku China, amene anaculuka m'masitolo malonda atamasuka pambuyo pa masankho a 1991. Makaseti ake acikasu ankalonjeza masewera zikwizikwi, koma potsegula munkapezamo owerengeka okha, obwerezedwa ndi maina ena.

Kaseweredwe kake

Pa galasi la wailesi muona cinthu conga mgodi wodulidwa pakati. Pali nsanja za njerwa, makwerero ozilumikiza, ndi zingwe zopingasa zimene kamunthu kamayendapo kolendewera ndi manja. Apa ndi apo pali timilu ta golide, ndipo nchito yanu ndi kutola tonse. Mukatola kotsiriza, pamaoneka makwerero amene anali obisika, ofika kumwamba. Mukakwera pamenepo mwatsiriza cipindaco. Koma muli alonda okulondolani kulikonse, ndipo akangokukhudzani mwafa.

Kugwa kucokera pamwamba sikupha. Kudumpha kulibe. Cimene mwapatsidwa ndi mabatani awiri: lina likumba dzenje kumanzere, lina kumanja, pa njerwa imene ili patsogolo pa phazi lanu. Imene mwapondapo simungaikumbe. Ndipo dzenje lililonse limakhala kanthawi kocepa, kenaka njerwa imabwerera yokha pamalo pake. Nzeru zonse za masewerawa zagona pa malamulo ocepa amenewa.

Mlonda akagwera m'dzenje amakodwa kwa kamphindi, ndipo inu mutha kumuponda pamutu n'kuoloka. Akapeza mpata amatuluka. Njerwa ikamutsekera amafa, koma amabadwanso kumwamba n'kuyamba kutsika, mwina pamalo oipa kwa inu koposa pamene anali. Motero wosewera wozolowera sathamangira kupha alonda. Amasankha kuti ndani akodwe, ndani asiyidwe kumene ali. Alondawo amabanso golide. Ana ambiri ankazungulira cipinda conse, ataona kuti palibe kamulu kotsala koma makwerero sakuoneka, osadziwa kuti golide wotsiriza ali m'manja mwa amene akuwathamangitsa, ndipo samutaya kawirikawiri pokhapokha atagwetsedwa m'dzenje.

Pamene pamaonekera kusiyana kwa wophunzira ndi katswiri ndi pa golide wokwiririka pansi pa mizere ingapo ya njerwa. Wopupuluma amakumba dzenje limodzi n'kugweramo. Akatero amapezeka ali pakati pa makoma awiri, alibe pokumba popeza njerwa imakumbika pokhapokha pamwamba pake pali poyera, alibe pokwerera, ndipo amangodikira kuti njerwa ibwerere imukwirire. Wofuna kutsika mizere itatu ayenera kuyamba ndi njerwa zitatu pamwamba, ziwiri pa mzere waciwiri, imodzi pa wacitatu. Ayeneranso kukumbukira kuti imene anayamba kukumba ndiyo iyambe kutsekeka. Ciwerengero conseci cicitike munthu asanakhudze batani, alonda ali m'njira. Onjezanipo kuti miyala ina ndi yosakumbika, ndipo njerwa zina ndi zonama, zooneka zolimba koma zongogwetsa wopondapo.

Alonda nawo sayenda mwacisawawa. Amasankha njira potsata pamene inu mwaima, kotero kuti mwa kuima pa makwerero ena mutha kuwakokera onse mbali imodzi ngati mbuzi, inu n'kudzera mbali ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. N'zosadabwitsa kuti Alexey Pajitnov, amene anapanga Tetris, ananena kuti pa masewera oganiza awa ndiwo anawakonda kwa zaka zambiri. Tingodandaula cimodzi pa a Hudson Soft: anakulitsa zithunzi, cipinda n'kuleka kukwanira pa galasi, ndiye mlonda amatha kukutulukirani kucokera kumbali imene simukuiona. Pa Apple II zonse zinkaoneka pamodzi.

Lode Runner anali m'gulu la masewera oyamba olola wosewera kumanga cipinda cakecake, kuika njerwa, makwerero, golide ndi alonda kumene afuna, n'kupatsa mnzake kuti ayese. Ku Japan ankatha kusunga cipindaco pa tepi. Kuno cinkatha makina akazimitsidwa kapena magetsi akapita, ndipo mwana ankayambiranso mawa.

Maenje a kwathu

Mwala wa mtovu ndi zinki unapezeka pano m'caka ca 1902, malo ano n'kuchedwa Broken Hill. M'mgodi womwewo munapezeka cigaza ca munthu wamakedzana m'caka ca 1921, cimene cinatengedwa kupita ku London. Damu la Mulungushi linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodiwo. Ndipo m'caka ca 1994, pamene ana athu anali kuzolowera kukumba golide wa pa galasi, mgodi weniweni unatsekedwa, abambo ambiri n'kutsala opanda nchito.

Cimene cinatsala ndi mulu waukulu wa zotsalira za mgodi, umene anthu amaucha Black Mountain, ndi fumbi la mtovu m'nthaka ya makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Acinyamata osowa nchito akhala akukumba pa muluwo kufuna miyala yogulitsa, m'maenje amene makoma ake amagumuka. Ana aang'ono amameza mtovu ndi dothi la m'manja, ndipo mtovu umaononga ubongo umene ukukula. Mwana amavutika kugwira za kusukulu popanda cilonda cooneka. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wabwino, ndipo lipoti la Human Rights Watch la 2019 linafotokoza za ana a ku Kabwe opezeka ndi mtovu woculuka zedi.

N'cifukwa cake mau amene kholo lililonse limanena likaona mwana pa wailesi, akuti "Zimitsa, kasewere panja," ayenera kuganiziridwa kawiri m'makomboni amenewa, makamaka m'miyezi ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala pamene fumbi limauluka. Sitikuti masewera ndi mankhwala. Fumbi limalowanso m'nyumba, ndipo pafunika kukolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa pouma, kusambitsa ana m'manja asanadye, ndi kukawapimitsa magazi ku cipatala. Mwana afunikanso mpira, anzake ndi nchito za pakhomo. Koma ola limodzi pa simenti yokolopedwa, mwana akuwerenga njerwa ndi kuyesa njira, ife sitiliona ngati ola lotayika. Ndipo pa zimene ana amapeza pa mafoni masiku ano, monga za kubecha pa mpira, Lode Runner yekha sapempha ngwee.

Makina otsika mtengo okhala ndi masewera akale akali kupangidwa, ndipo Lode Runner amapezeka mwa ambiri. Mukawapeza, inu makolo khalani pambali pa mwana, mumufunse asanakumbe kuti atulukira pati. Ngati ana ali awiri, wina amange cipinda, wina acimasule, koma womangayo ayambe waonetsa kuti n'cotheka. Amene atsirize zipinda 50 adziwe kuti m'caka ca 1984 Broderbund inatulutsanso Championship Lode Runner, ya zipinda zina 50 zovuta kwambiri, kotero kuti wozitsiriza zonse ankatumiziridwa satifiketi. Doug Smith mwini wake anamwalira m'caka ca 2014.