Mapiri a ku Chirundu sadziwa kuti motoka ni yatsopano

Kuli mnyamata wina wa ku Chilenje amene anagula kamotoka mwezi watha. Holide itangofika, ananyamula anzake anayi, ulendo wa ku Siavonga. Akagwira chiwongolero amadziona monga Satwant Singh wa rally.

Mseu uja ni wokongola, osanama. Mukapitirira Kafue n'kukhotera ku Chirundu, mapiri amayamba, makona motsatizana, chigwa cha Zambezi chili pansi apo. Koma Lusaka ili pamwamba, kuposa mamita 1,200, pamene nyanja ya Kariba siifika olo 500. Manje kutsika konseko kumafuna nzeru.

Mnyamata wathu anatsika phazi lili pa buleki njira yonse. Mabuleki amagwira mwa kukhuzana, ndiye ukangowapondereza osawapumitsa amatentha, mafuta ake amawira, phazi limangolowa monga waponda nsima. Fungo lakupsa litamveka, wakumbuyo anafunsa ngati pali amene akuwotcha nyama. Mwamwayi anapeza poima, kutsogolo kuli thiraki ikukwawa kupita ku boda.

Madraiva odziwa njira amaika giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ndiyo igwire motoka. Olo automatic ili nayo: ni ija 2 kapena L imene ambiri sanaikhudzepo. A njinga zamoto nawonso ni chimodzimodzi. Ndipo ku rally mseu amatseka, simukumana ndi basi pa kona.

Anafika ku Siavonga kutada, mowa utatentha kale, draiva ali zii.