Mbalame zimene alendo amakaonera ku Greece zimadyera dzinja kwathu kuno

Chakumapeto kwa mwezi wa Epulo chaka chilichonse, malo ogona alendo m'kamudzi ka Skala Kalloni pa chilumba cha Lesvos, m'dziko la Greece, amadzaza ndi anthu amene sanabwerere kusambira kapena kuothera dzuwa. Ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Britain ndi maiko ena a kumpoto kwa Ulaya. Amadzuka m'bandakucha, kukoloweka magalasi oonera patali m'khosi, n'kukaima m'mbali mwa madambo a m'mphepete mwa nyanja. Chimene alipirira ndege ndi chipinda cha sabata yathunthu ndi kuona mbalame basi.

Kumeneko imeneyi ndi nyengo imene chisanu chatha ndipo mitengo ikuphukira. M'mawa alendowa amayambira pa maiwe a ku Kalloni, amene anthu amaumitsiramo madzi a m'nyanja kuti apeze mchere. Pamenepo pamadzaza mbalame zazitali miyendo zotchedwa flamingo, akakowa ndi timbalame tambirimbiri tofufuza chakudya m'matope. Dzuwa likakwera amalowera kumtunda, m'zigwa monga cha Napi, kukasakasaka timbalame toimba tobisala m'mitengo ya olivi. Lesvos ili pa njira ya mbalame zochokera kummwera, ndipo zimene zatopa ndi kuwoloka nyanja ya Mediterranean zimatera pamenepo kuti zidye ndi kupuma.

Kummwerako ndi kuno. Zambiri mwa mbalame zimene alendowa amazilemba m'timabuku tawo zimakhala kuti masabata ochepa m'mbuyomo zinali mu Africa, ndipo mitundu yomweyo imaoneka ku nyanja ya Chilwa ndi ku dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire. Anamzeze amene amandandalika pa mawaya a magetsi nthawi ya mvula amafika cha mu Okutobala ndi Novembala, n'kunyamuka mu Malichi ndi Epulo. Kambalameka kamalemera pafupifupi magalamu 20 okha, koma kamayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000. Umboni wake ndi wakale: namzeze amene adamuveka kamphete pamwendo ku Staffordshire, ku England, mu 1911 adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Izi zisanachitike, mu 1822, anthu a pafupi ndi tauni ya Klütz ku Germany adapha dokowe amene anali ndi mkondo wa ku Africa utam'baya pakhosi. Adauluka nawo ulendo wonsewo, ndipo mpaka lero amasungidwa pa yunivesite ya Rostock.

Nanga nkhani ya alendo oonera mbalame yabwera bwanji patsamba la zaumoyo? Chifukwa mbalame zam'madzi, makamaka abakha ndi atsekwe am'tchire, ndi zimene mwachilengedwe zimasunga tizilombo toyambitsa chimfine cha mbalame. Mitundu yambiri ya tizilomboti siidwalitsa kwenikweni. Koma pali mtundu wotchedwa H5N1 umene umapululutsa nkhuku ndipo nthawi zina umalowa mwa munthu. Tizilomboti timatuluka m'zitosi, m'malovu ndi m'mamina a mbalame, ndipo timatha kukhala nthawi m'madzi, makamaka ozizira. Dambo limene mbalame zikwizikwi zaunjikana pamodzi ndi malo amene matenda amasinthirana mosavuta.

M'zaka zaposachedwapa madambo otchuka kwa alendo aona zimenezi. Mu Januwale 2021 avuwo oposa 700 adafa ku malo osungira mbalame a Djoudj ku Senegal. Chaka chomwecho mbalame zam'nyanja zoposa 20,000 zidafa m'magombe a ku South Africa, ndipo mu Disembala mbalame zoposa 5,000 za mtundu wa crane zidafera m'chigwa cha Hula ku Israel, malo amene mbalame zopita ndi kuchokera ku Africa zimapumirapo. Mu 2022 udali ulendo wa Greece yemwe, pamene avuwo ambirimbiri adafa pa nyanja ya Prespa.

Chochititsa chidwi n'chakuti mlendo woonera mbalame, ngakhale aime tsiku lonse pafupi ndi dambo, sali pachiopsezo chenicheni. Iye amaona ali patali ndipo sagwira kanthu. Amene amadwala ndi amene agwira mbalame yodwala kapena yakufa, kuisosola nthenga, kuitumbula, kapena kusesa khola lake. H5N1 idayamba kudziwika mwa anthu ku Hong Kong mu 1997, pamene anthu 18 adadwala ndipo 6 adamwalira. Kuchokera mu 2003, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lalandira malipoti a anthu oposa 900 amene adapezeka ndi matendawa, ndipo pafupifupi theka adamwalira. Kupatsirana pakati pa munthu ndi munthu kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri.

Nkhani imene makolo ayenera kuisunga ndi ya ku Turkey. Mu Januwale 2006, ana anayi a m'dera la Doğubayazıt adamwalira ndi H5N1, atatu mwa iwo a banja limodzi. Kunali kozizira, mabanja ankalowetsa nkhuku m'nyumba, ndipo anawo adagwira nkhuku zodwala. Moyo umenewo si wachilendo kwa ife. M'midzi yambiri nkhuku zimagona m'nyumba imodzi ndi anthu poopa akuba ndi afisi. Nkhuku ikayamba kuwodzera, timathamangira kuizinga isanafe kuti ndiwo zisatayike, ndipo wotumidwa kuisosola nthawi zambiri amakhala mwana. Anyamata nawo amayenda ndi legeni ndi ulimbo, ndipo mbalame yosavuta kuigwira ndi yomwe yafooka. Ku Chilwa kutchera mbalame ndi ntchito imene imadyetsa mabanja, makamaka nyanja ikaphwa ndipo nsomba zikasowa. Sindingauze munthu wotero kuti asiye kudya. Chimene ndinganene ndi chakuti mbalame imene mwaipeza yakufa kale, kapena yolephera kuuluka popanda bala, si ndiwo.

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi lakuti chimfine cha mbalame chimafanana kwambiri ndi chitopa. Matenda onsewa amapha nkhuku zambiri m'masiku ochepa, nkhuku zimatsegula m'mimba, kupuma movutikira ndi kutupa kumutu. Ngakhale mlangizi wa ziweto sangasiyanitse ndi maso okha. Mpaka kuyeza ku labotale. Tsono chizolowezi chonena kuti "ndi chitopa ichi, chimabwera chaka chilichonse" chingabise mliri kwa masabata. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso amathandiza pawiri: amapulumutsa nkhuku, komanso nkhuku zolandira katemera zikayamba kufa mwaunyinji, mumadziwa msanga kuti pali china.

Zikatero, uzani mlangizi wa ziweto kapena mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Musagulitse nkhuku zotsalazo, chifukwa dengu la nkhuku pa njinga limafalitsa matenda msanga kuposa mbalame yam'tchire. Zakufazo musazigwire ndi manja. Valani jumbo m'manja, phimbani mphuno ndi pakamwa, zikwirireni m'dzenje lakuya loti galu sangafukule, kutali ndi chitsime, kenaka sambani m'manja ndi sopo. Ana ndi amayi oyembekezera asayandikire. Nyama ya nkhuku yabwinobwino ndi mazira zilibe vuto zikapsa mokwanira, chifukwa tizilomboti timafa pa kutentha kwa madigiri 70. Ngozi ili pokonza, osati m'mbale.

Kwa anzathu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, pali funso limodzi lofunika kuliwonjezera. Mwana akatentha thupi, choyamba ndi kuyezetsa malungo monga mwa nthawi zonse. Koma ngati akutsokomolanso, kupuma mobanika kapena maso afiira, funsani kuti: kodi kunyumba kapena kwa aneba kwafa nkhuku kapena abakha masiku khumi apitawa? Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa masiku awiri ndi asanu munthu atagwira mbalame yodwala. Yankho likakhala loti inde, lembani zimenezo pa kalata yotumizira wodwala ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a oseltamivir amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku awiri oyambirira, ndipo ife kuchipatala sitingaganizire za matendawa ngati palibe watiuza za nkhukuzo.

Ena akamva zonsezi amaganiza zopha kapena kupirikitsa mbalame za m'dambo. Akatswiri a ziweto amaletsa zimenezo, chifukwa mbalame zobalalitsidwa zimangopititsa matenda kumadambo ena. Anamzeze amadya tizilombo touluka, adokowe amatola dzombe ndi mbozi m'minda, ndipo si iwo amene amasunga kwambiri chimfinechi. Chotheka ndi kulekanitsa: abakha oweta asamakasambe limodzi ndi am'tchire, nkhuku zizimwa madzi a pamjigo osati a m'dambo, ndipo zikhale ndi khola lawolawo kunja kwa nyumba yogona ana. Ndi bwino kholalo limangidwe mvula isanayambe, chifukwa mbalame zimene zili ku Ulaya zimayamba kufikanso kuno mu Okutobala.